Kodi ukhondo wa m'sitima zonyamula alendo panyanja amauyendera ndani?

FUNSO: Mwana wanga wamkazi wapeza ntchito m'khitchini ya sitima yaikulu yonyamula alendo okaona malo, yomwe imanyamukira ku Miami, m'dziko la America. Ife kuno ku Lilongwe tinaona mmene kolera inatisautsira mu 2022 ndi 2023, choncho mtima wanga suli m'malo ndikaganiza za chinamtindi cha anthu chikudyera ndi kugona pamodzi pakati pa nyanja. Kodi alipo amene amayendera ukhondo wa m'sitimazi? Ndine mayi wa ku Area 25.

YANKHO: Alipo ndithu, mayi. Sitima iliyonse yonyamula alendo 13 kapena kuposerapo, yomwe imapita m'mayiko ena n'kumakocheza pamadoko a ku America, imayenderedwa kawiri pachaka ndi akatswiri a CDC, bungwe la boma la America lolimbana ndi matenda, potsatira ndondomeko yomwe inayamba mu 1975, ndipo akatswiriwa amangotulukira mwadzidzidzi kuti eni sitima asapeze mpata wokonzeratu zinthu.

Kumene amakhalitsa ndi kukhitchini komwe mwana wanuyo akagwire ntchito. Amabaya kachipangizo koyezera kutentha mu nyama ndi m'zakudya za mufiriji, zomwe siziyenera kupitirira madigiri 5, amasuzumira kuseri kwa mbaula kufunafuna zizindikiro za mphemvu, ndiponso amaonetsetsa mmene ophika akusambira m'manja. Amayezanso kulorini m'madzi akumwa ndi m'maiwe osambiramo, n'kuwerenga kaundula wa odwala. Malikisi onse ndi 100, ndipo sitima yopeza 85 kapena kucheperapo imakhala yalephera. Zotsatirazi zimaikidwa pa intaneti, moti mukadziwa dzina la sitimayo mutha kudzionera nokha.

Komabe malikisiwo amangosonyeza mmene zinthu zinalili tsiku loyenderalo. Vuto lofala m'sitimazi si kolera ayi, koma kachilombo ka norovirus, komwe kamayambitsa kusanza ndi kutsegula m'mimba, ndipo kamafalikira kudzera m'manja, m'zakudya ndi pa zogwirira zitseko. Mankhwala opaka m'manja aja tinawazolowera nthawi ya Covid-19 sakapha bwinobwino kachilomboka, n'chifukwa chake sopo ndi madzi ndiye zodalirika.

Mumulangize mwanayo kuti akangomva m'mimba mukuwinduka akanene msanga kuchipatala cha m'sitimamo, asabise poopa kuchotsedwa ntchito. Lamulo limafuna kuti wogwira zakudya apatulidwe mpaka patatha maola 48 chisiyireni kudwala, ndipo oyendera aja akapeza kuti wantchito anapitiriza kuphika akudwala, sitimayo imachotseredwa malikisi.