Kodi Deontay Wilder watha, kapena tinkangomukuza mopitirira muyeso?

Wowerenga wina wokonda nkhonya watilembera pa imelo. Akuti anzake amanena kuti Deontay Wilder, wankhonya wa ku America wa gulu la anthu olemera kwambiri thupi (heavyweight), sanali kanthu kuyambira kalekale, ankangosankhiridwa anthu ofooka oti aziwagwetsa, pomwe iye akuona kuti anali chilombo ndithu, kungoti msinkhu wamupeza. Akufunsa kuti akunena zoona ndani.

Achimwene, mbali ya anzanuwo ili ndi pogwira, koma aiwonjeza. Chibakera chakumanja cha Wilder sichinali chongopeka. Chimene anthu anachikuza ndi luso lake lonse la nkhonya, lomwe linali lochepa ngakhale pa nthawi imene ankaopedwa. Ndipo kutha kwake n'kwenikweni, kukuoneka kuyambira pa nkhondo yake yachitatu ndi Tyson Fury wa ku Britain mu 2021.

Tiyambe ndi zimene anzanu angakuuzeni. Wilder anayamba nkhonya mochedwa, ali ndi zaka pafupifupi 20, ndipo mu 2008 anali atatenga kale mendulo ya bronze ku Olympics ya ku Beijing. Nkhonya zake 32 zoyambirira za ukatswiri anapambana zonse pogwetsa mnzake osapitirira raundi yachinayi, koma ambiri mwa anthuwo sanali a mlingo wa lamba. Lamba wa WBC, limodzi mwa mabungwe akuluakulu a nkhonya padziko lonse, anamulanda kwa Bermane Stiverne mu Januwale 2015, n'kumuteteza ka 10. Mukayang'ana mayina, mupeza Eric Molina, Johann Duhaupas, Artur Szpilka, Chris Arreola, Gerald Washington ndi Dominic Breazeale. Ndi amuna olimba, koma palibe amene panthawiyo ankawerengedwa kuti ndiye woopsa kwambiri pa heavyweight. Sanakumanepo ndi Wladimir Klitschko kapena Anthony Joshua, omwe anali ndi malamba ena a heavyweight m'zaka zimenezo. Nkhondo yake ndi Alexander Povetkin mu 2016 inalephereka, koma mlandu sunali wa Wilder: Povetkin ndiye anapezeka ndi mankhwala oletsedwa a meldonium m'thupi.

Komabe anzanuwo afotokoze za Luis Ortiz. Ortiz, wa ku Cuba, ndi wamanzere wophunzitsidwa bwino, amene ambiri ankamuzemba. Mu Marichi 2018 anamuzunguza Wilder koopsa kumapeto kwa raundi 7, miyendo ili lobodo, belu n'kumupulumutsa. Wilder anabwerera n'kumumaliza mu raundi 10. Atabwerezanso mu Novembala 2019, Ortiz ankatsogola kwa majaji onse atatu, awiri atalemba 59-55, wina 58-56. Kenako mu raundi 7 chibakera chimodzi chokha chakumanja chinamukhazika pansi osadzukanso pa nthawi yake. Nkhondo imeneyi ikuonetsa Wilder yense: maraundi asanu ndi limodzi akuphunzitsidwa nkhonya, sekondi imodzi n'kutha zonse. N'chimodzimodzi ndi Fury koyamba ku Los Angeles mu Disembala 2018. Wilder anakwera sikelo ali makilogalamu 96, Fury 116, koma anamugwetsa mu raundi 9, ndipo mu raundi 12 anamugoneka chagada ndi chakumanja chotsatidwa ndi huku (chibakera chokhota chochokera m'mbali) yakumanzere. Majaji anati afanana mphamvu. Munthu wachabechabe sangagwetse Fury kanayi pa nkhondo zitatu.

Kuti mumvetse chimene chinalakwika, onani mmene chibakeracho chinkagwirira ntchito. Wilder ndi wamtali masentimita 201, manja ake akatambasula amafika 211. Ankaponya jabu (chibakera cholunjika cha dzanja lakutsogolo) yofewa, osati yopweteka, yongoyezera mtunda ndi kuphimba maso a mnzake. Mnzakeyo akangoima pamalo amodzi, kapena kutsitsa pang'ono dzanja lamanzere, Wilder ankaponda patsogolo ndi phazi lamanzere, kukankha ndi lakumbuyo, chiuno n'kutembenuka, chakumanja n'kudutsa molunjika. Kuti zimenezi zitheke pamafunika mpata pakati pa anthu awiriwo, phazi lakumbuyo lokhazikika pansi, ndi maso oona mwayi n'kulamula dzanja nthawi yomweyo. Mukamuchotsera chimodzi mwa izi, Wilder analibe china chothawirako. Pafupi samenya bwino, m'nthiti samenya kawirikawiri, pobwerera m'mbuyo amabwerera molunjika chibwano chili m'mwamba, nthawi zina mapazi atapingasa.

Fury anaziona izi ndipo mu Febuluwale 2020 ku Las Vegas, ali ndi mphunzitsi watsopano SugarHill Steward, anabwera ndi makilogalamu 124 n'kumamuyendera Wilder patsogolo kuyambira belu loyamba. Munthu amene akubwerera m'mbuyo sangakankhe ndi phazi lakumbuyo, choncho mphamvu ya chakumanja imachepa. Akagwirana, Fury ankamutsamira pakhosi ndi pamapewa kuti miyendo yowondayo itope. Wilder anagwa mu raundi 3 ndi 5, khutu likutuluka magazi, mpaka Mark Breland, mmodzi mwa aphunzitsi ake, anaponya thaulo yoimitsa nkhondoyo mu raundi 7. Apa sikunali kukalamba ayi. Wilder anali ndi zaka 34, ndipo miyezi itatu yokha m'mbuyomo anali atagwetsa Ortiz. Kugonja kumeneku ndiye umboni wa anzanu: chofooka chinalipo kale, chinangosowa munthu wamkulu thupi ndi wolimba mtima woti achiulule.

Umboni wanu inu ukuyambira mu Okutobala 2021. Pa nkhondo yachitatuyo Wilder anagwetsa Fury kawiri mu raundi 4, koma iye anagwa mu raundi 3, 10 ndi 11, ndipo kuyambira pakati pa nkhondoyo ankalandira zibakera zolemera m'mutu atatoperatu. Zimandipweteka kuonera maraundi omalizawo, chifukwa kulimba mtima kwake n'kumene kunachititsa kuti apwetekedwe kwambiri. Kumenyedwa kotere kumasiya chizindikiro pa munthu. Kuchokera pamenepo mpaka Disembala 2023, nthawi yoposa zaka ziwiri, anamenya nkhonya yosakwana raundi imodzi, pamene anagwetsa Robert Helenius mu Okutobala 2022. Wankhonya wodalira kuwerenga nthawi amafunika kumenya pafupipafupi, chifukwa masewero a m'jimu sapereka mantha ndi liwiro la tsiku lenileni.

Ndiye onani za Joseph Parker ku Riyadh pa 23 Disembala 2023. Parker si wamkulu ngati Fury, sanamutsamire, ndipo mpata unalipo wambiri. Wilder wa 2018 akadaponya chakumanjacho kambirimbiri ngakhale chikuphonya. Wa 2023 ankangozungulira m'mbali mwa zingwe dzanja lili chikonzekere, osaliponya. Parker ankamunamiza ndi phewa, kuweramitsa mutu kumbali, n'kuponya chakumanja chodutsa pamwamba. Jaji mmodzi sanamupatse Wilder raundi ngakhale imodzi, analemba 120-108. Chizindikiro chachikulu cha kutha kwa wankhonya n'chimenechi: maso akuona mwayi, koma dzanja likuchedwa, ndipo poti mwiniwake akudziwa kuti akaphonya abwezeredwa, amangolisunga. Mphamvu ya chibakera imatha pomaliza. Zoyamba kupita ndi changu cha maso, miyendo ndi kupirira kwa chibwano. Pa 1 Juni 2024 Zhilei Zhang, wa zaka 41, wamkulu kumuposa pa zaka zakubadwa, anamumenya huku yakumanja imene inamuzunguza mpaka kupereka msana, n'kumumaliza mu raundi 5.

Mukakumananso ndi anzanuwo, tsegulani nkhondo yoyamba ya Wilder ndi Fury komanso yake ndi Parker pa YouTube, muzimitse mawu kuti ofotokoza asakutsogolereni. Sankhani raundi 4 mpaka 6 pa iliyonse. Werengani kuti ndi kangati pamene jabu ya Wilder yatsatidwa ndi chakumanja, ndipo muyang'anitsitse phazi lake lakumbuyo ngati laponda pansi kapena likuthawa. Pa ya 2018 muona munthu wophonya kwambiri koma wosaleka kuponya. Pa ya 2023 muona jabu ikutuluka yokha, dzanja lamanja lili pachibwano, phazi likusunthira kuzingwe.