Mafunso a Owerenga: Gulu Lathu Laitanidwa ku Chikondwerero cha Zisudzo

Makalata ambiri amene atipeza mwezi uno achokera kwa anthu ochita zisudzo m'midzi, m'matchalitchi ndi m'sukulu, amene akukonzekera kukakumana ndi magulu anzawo pa zikondwerero za m'zigawo. Tasankhapo anayi amene mafunso ake akukhudza magulu ambiri.

FUNSO: Ndine mlembi wa gulu la achinyamata 14 kuno ku Ntcheu. Takhala tikuchita zisudzo kwa zaka zitatu pabwalo la amfumu, pamsika ndi pa sikelo ya ana, ndipo tsopano taitanidwa kukaonetsa sewero pa chikondwerero cha magulu a m'chigawo chapakati chimene chidzachitikire mu holo ku Lilongwe. Anzanga ena akuti tisinthe sewero lathu likhale la Chingerezi kuti tisakaoneke achimidzimidzi pamaso pa magulu a m'tauni. Sitidakwerepo pa siteji, ndiponso sewero lathu silidalembedwe papepala, aliyense amangodziwa mbali yake pamtima. Tichite chiyani?
Mlembi wa gulu, Ntcheu

YANKHO: Achimwene, choyamba werengani bwino malamulo a chikondwererocho. Ngati sakukakamiza Chingerezi, musasinthe chiyankhulo. Maganizo akuti sewero lenileni ndi la Chingerezi ali ndi gwero lake. Mpikisano wa zisudzo wa sukulu za sekondale wa bungwe la aphunzitsi a Chingerezi la ATEM, umene udayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, udakhazikitsidwa kuti ophunzira azolowere kuyankhula chiyankhulocho, ndipo udagwira ntchito yaikulu. Malemu Du Chisiza Jr., amene adayambitsa gulu la Wakhumbata mu 1987, adadziwika koyamba pa mpikisano umenewu ali mwana wa sukulu. Koma cholinga chimenecho chidali cha m'kalasi, ndipo inu simukupita kukalemba mayeso. Kumbukirani kuti gulu la Kwathu lidadzaza maholo kwa zaka zambiri ndi masewero a Chichewa, ndipo mpaka lero anthu akatchula Izeki ndi Jakobo, amene adali malemu John Nyanga ndi malemu Eric Mabedi, amayamba kumwetulira nthabwala isanafike. Ngakhale aphunzitsi ndi ophunzira a gulu la zisudzo la Travelling Theatre la ku Chancellor College, atayamba kupita kumidzi monga ku Mbalachanda m'boma la Mzimba mu 1981, adaona kuti anthu amalowa m'sewero ndi mtima wonse pamene likuyankhula chiyankhulo chawo. Mwana wa ku Ntcheu akamakalipa m'Chichewa cha kwawo, thupi lonse limakalipa nawo. Akamakalipa m'Chingerezi choloweza, maso amakhala akufunafuna liwu lotsatira.

Chimene muyenera kuda nacho nkhawa ndi kusiyana kwa bwalo ndi holo. Pabwalo anthu amakuzungulirani, choncho kulikonse kumene mwatembenukira mumapeza nkhope. Mu holo oonerera onse amakhala mbali imodzi, ndipo wosewera akangowapatsa msana mawu ake amathera kukhoma. Yambani lero kuyeserera motere: lembani malire a siteji pansi ndi phulusa, mugwirizane mbali imene kuli anthu, ndi mbali ziwiri zokha zolowera ndi kutulukira. Mnzanu mmodzi akaime patali, ngati kuchokera pagolo kufika pakati pa bwalo la mpira, ndipo azikweza dzanja nthawi iliyonse imene liwu lamuphonya. Musadalire zokuzira mawu, chifukwa mwina zidzakhala ziwiri zokha pa anthu 14, mwinanso magetsi adzazima sewero lili pakati, ndipo gulu lozolowera kuyankhulira pamsika ndilo limapitiriza osatekeseka.

Nkhani yolemba seweroli ndiyo ndikufuna muimvetse kwambiri. Gulani kope, mukhale pansi nonse, mulembe chigawo chilichonse: ndani akulowa, akufuna chiyani, akunena mawu ati ofunika, ndipo akutuluka liti. Sindikunena kuti muphe luso lanu lopeka mawu pomwepo, popeza limeneli ndi chuma chimene magulu ambiri a m'tauni alibe. Vuto n'lakuti pagulu lililonse pamakhala mmodzi wanthabwala amene anthu akangoseka amawonjezera zina, ndipo sewero la mphindi 30 limafika ola lathunthu. Pamsika palibe amene amadandaula, koma pa chikondwerero pamakhala munthu wogwira wotchi, ndipo magulu ena amakhala akudikira kuseri atavala kale. Yeserani ndi wotchi mpaka muzimaliza kutatsala mphindi ziwiri kapena zitatu.

Nyimbo zanu, ng'oma, ndi chizolowezi choti wina ayambitse anthu avomere, zonsezi pitani nazo. Katundu wa pa siteji akhale wochepa woti n'kukwana m'minibasi. Ndidaonapo gulu lina la kumudzi limene lidangobweretsa mkeka, lichero ndi chimanga chochepa chosatongola. Mtsikana amene ankasewera ngati gogo adakhala pansi n'kumatongola chimangacho pang'onopang'ono, osayankha mdzukulu wake amene ankatsanzika kuti akupita ku Johannesburg, ndipo holo yonse idangoti zii, moti njere zimamveka zikugwera m'lichero. Gulu limene lidatsatira lidabwera ndi mipando ya sofa ndi makatani, koma potuluka anthu ankakamba za gogo uja.

FUNSO: Ndimatsogolera gulu la zisudzo la amayi ndi achinyamata a pa tchalitchi pathu. Chaka chatha tidapita ku chikondwerero cha m'chigawo chakummwera ndi sewero lotsutsa maukwati a ana aang'ono, koma sitidapambane, ndipo oweruza adati phunziro lidachuluka kuposa sewero. Zidatipweteka kwambiri, popeza nkhaniyi ndi yoona kwathu kuno. Kodi phunziro ndi cholakwa?
Mayi wa ku Mulanje

YANKHO: Mayi, nkhani imene mudasankha ndi yofunika, ndipo musaisiye. Lamulo la maukwati la mu 2015 lidaika zaka 18 ngati msinkhu woyambira banja, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino adasinthidwa kuti agwirizane nalo, komabe inu ndi ine tikudziwa kuti atsikana akuchokabe m'kalasi kupita kubanja. Sindidaonere sewero lanu, koma mawu a oweruzawo ndimawadziwa, chifukwa amanena za chizolowezi chimene chalowerera m'magulu ambiri kuchokera pamene mabungwe adayamba kulemba ganyu a zisudzo kuti azifalitsa mauthenga a zaumoyo ndi chitukuko. Sewero lotere limayenda njira imodzi: munthu woipa amachita choipa, tsoka limamugwera, kenako amfumu kapena anamwino amalowa, n'kuyang'ana oonerera, n'kuwauza zoyenera kuchita. Anthu amadziwiratu mathero sewero lisanafike pakati, ndipo munthu wodziwa mathero amayamba kucheza ndi mnzake.

Yesani kubwerera kwa munthu amene mudamuika kukhala woipa. Tinene kuti ndi malume, mwini mbumba, amene akuvomereza kuti mtsikana wa sitandade 7 akwatiwe. Kodi mudamupatsa zifukwa zake zenizeni? Mwina ndi mwezi wa February, nkhokwe ili mbee, mlongo wake akudwala, ndipo mwamuna wofunsirayo wabwera ndi thumba la chimanga ndi lonjezo la malata. Malume ameneyu akhale munthu wokonda mbumba yake, amene akuona ngati akuipulumutsa. Mukatero, bambo wina wokhala pabenchi lakumbuyo adzadziona yekha mwa iye, ndipo pamenepo ndi pamene phunziro limalowa. Mtsikanayonso asangokhala wolira. Tionetseni chimene akufuna, ngakhale chikhale chaching'ono ngati yunifolomu imene waichapa n'kuiyanika ngakhale akudziwa kuti mawa sapita kusukulu. Amfumu akalowa, alowe ndi mavuto awoawo, osati ngati chikwangwani choyankhula.

Ndikupempheninso chinthu chimodzi. Magulu ambiri akangomaliza kusewera amakwera galimoto, ena amachoka atakwiya zotsatira zikangolengezedwa. Chaka chino khalani mpaka kumapeto, muonere magulu onse, mupemphe oweruza kuti akupatseni ndemanga zawo zolemba, ndipo mudye nsima pamodzi ndi gulu limene lakuposani. Paja akuluakulu amati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo mwina mayi wa gulu la ku Chikwawa kapena la ku Mangochi adzakuonetsani njira yothetsera chigawo chimene chakhala chikukuvutani.

FUNSO: Ndine mphunzitsi ndipo ndimathandiza gulu la achinyamata a m'dera lathu. Sewero lathu likukamba za maliro a mfumu, ndipo ana akufuna kuti pa siteji patuluke chilombo cha gule wamkulu kuti oweruza achite chidwi. Kodi n'zololedwa?
Mphunzitsi, Dedza

YANKHO: Aphunzitsi, apa yendani mosamala. Gule wamkulu si chovala chimene mwana angasoke n'kuvala kuti akometse sewero. Ndi mwambo wa Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, umene bungwe la UNESCO lidauzindikira mu 2005 ngati chuma cha anthu onse, ndipo uli ndi eni ake, malamulo ake ndi zinsinsi zake za kudambwe. Mwana wosalowa mwambowu akavala chigoba n'kumavina pamaso pa anthu, ndiye kuti mwanyoza eni mwambo, ndipo mutha kudzetsa mlandu pakati pa sukulu ndi mudzi umene sungathe ndi kupepesa kwa pakamwa. Ngati mukuona kuti nkhani yanu singayende popanda gule, pitani kaye kwa amfumu a mzinda ndi akuluakulu a mwambowo, muwafotokozere, ndipo mumvere chimene anene ngakhale atakana.

Maganizo anga ndi akuti simukufunikira chilombo pa siteji. Ng'oma zimveke kuseri, amayi ayimbe ndi kuomba m'manja, ana aang'ono athawire kumbuyo kwa amayi awo, osewera onse ayang'ane mbali imodzi. Munthu aliyense wa ku Dedza, ku Dowa kapena ku Mchinji adzadziwa chimene chafika pabwalo, ndipo chimene adzachione m'maganizo mwake chidzaposa chilichonse chimene ana anu angasoke ndi masaka.

FUNSO: Tilibe wotilembera sewero. Kodi tingatenge sewero limene tidamva pa wailesi n'kukalisewera ku chikondwerero? Nanga pamafunika chilolezo cha boma?
Wachinyamata, Nkhata Bay

YANKHO: Sewero lililonse limene mudamva pa wailesi lili ndi amene adalilemba, ndipo lamulo la umwini wa zaluso la mu 2016 limamuteteza. Mukafuna kuligwiritsa ntchito, pemphani chilolezo kwa mlembiyo kapena kwa amene adalijambula, ndipo bungwe loteteza umwini wa zaluso la COSOMA likhoza kukulangizani njira yake. Dziwaninso kuti sewero la pa wailesi lidalembedwera makutu, choncho pa siteji limasanduka anthu ongoima n'kumayankhulana. Kwanu kunyanjako nkhani sizisowa: mkangano wa mwini bwato ndi asodzi ake pogawana usipa, kapena mayi amene mwamuna wake adapita ku South Africa n'kusiya kutumiza uthenga. Khalani pansi madzulo angapo, aliyense anene zimene adaona, mmodzi azilemba, ndipo ngati malamulo a chikondwerero akulola, seweranitu m'Chitonga.

Za chilolezo, lamulo la mu 1968 lidakhazikitsa bungwe lounika zisangalalo zoonetsedwa pagulu, ndipo nthawi zina okonza chikondwerero ndiwo amayendetsa mapepala a chilolezowo m'malo mwa magulu onse. Afunseni msanga ngati atero, ndiponso ngati akufuna kuti muwatumizire sewero lolembedwa tsiku lisanafike. M'kalata yomweyo funsani amene adzalipire ulendo, malo ogona ndi chakudya, ndipo yankho lake likhale lolembedwa musanasonkhetse makolo ndalama ya galimoto.