Kodi masamu angauze amayi shuga wawo popanda kubaya chala?

Mnyamata wina wa ku Chilenje mu Lusaka, wophunzira masamu pa yunivesite ya UNZA, wandilembera imelo. Akuti amayi ake ali ndi matenda a shuga ndipo atopa ndi kudzibaya chala m'mawa uliwonse. Kodi palibe masamu owerengera shugayo pasadakhale?

Masamuwo alipo, achimwene, koma kubaya chala sikutha.

Taganizirani thanki ya madzi yokhala ndi paipi yolowetsa ndi yotulutsa. Shuga amalowa m'magazi kuchokera ku chakudya ndi ku chiwindi, n'kumatuluka minofu ikamamugwiritsa ntchito. Akachuluka, kapamba amatulutsa insulin yomutsitsa. Akachepa, amatulutsa glucagon youza chiwindi kuti chiwonjezere. Mukalemba liwiro limene shuga ndi insulin zikusinthira, mwapeza ma differential equation, omwe aja mumachita m'kalasi. Victor Bolie analemba awiri otere mu 1961. Mu 1979 Richard Bergman, Claudio Cobelli ndi anzawo anatulutsa minimal model, imene imapereka nambala yosonyeza mmene thupi likumvera insulin. Imeneyi ndiyo ndimaikonda, chifukwa ndi yaifupi koma imagwira pamene pali vuto la anthu ambiri a matenda a shuga a mtundu wa type 2: insulin ilipo, thupi ndiye silikuimva.

Njira yosavuta yoyezera vuto lomwelo ndi HOMA-IR ya ku Oxford, ya 1985: shuga wa m'mawa munthu asanadye, mu mmol/L, kuchulukitsa ndi insulin, kugawa ndi 22.5. Koma manambala awiriwo muwatenga kuti? M'magazi momwemo. Ngakhale makina a MiniMed 670G, ovomerezedwa ku America mu 2016, amene amapopera insulin m'thupi n'kumasintha okha mlingo wake, amawerenga kachipangizo ka pakhungu mphindi 5 zilizonse. Popanda kuyeza, nawonso amasokera.

Equation siidziwa kuti dzulo amayi anadya mitanda itatu ya nsima ya ufa wa breakfast, kuti kumaliro anawapatsa Fanta, kuti anazungulira Soweto Market tsiku lonse, kapena kuti malungo awagwira. Zonsezi zimasuntha shuga.

Ndiye agulireni kabuku. Akayeza, muzilemba nthawi, nambala ya pa kamakina, zimene adya ndi mankhwala amene amwa. Pa tsiku la kiliniki apite nako adokotala akaone. Manambala omwewo muwaike pa kompyuta, muyese ma equation a Bolie, muone pamene mzere wanu ukusiyana ndi wa amayi. Projekiti ya chaka chomaliza mwaipeza. Za mlingo wa mapiritsi a metformin kapena insulin, zisiyireni adokotala.