Kusefa, kulekanitsa kapena kupatula?

Mayi wina wophunzitsa sayansi kuno ku Lilongwe wandilembera kuti: "Ophunzira anga akamachotsa benzoic acid pakati pa aniline ndi naphthalene pogwiritsa ntchito asidi ndi besi, ena amati akusefa, ena amati akuekisitirakita. Mawu oyenera ndi ati?"

Aphunzitsi, mawu achiwiriwo lilime langa lawakana, ndipo sinditayirapo nthawi. Kusefa nakonso sikukugwirizana ndi ntchitoyi, chifukwa sefa imagwira zikuluzikulu n'kulola ufa wosalala kudutsa, pamene mu fanelo yagalasi imene mumagwiritsa ntchito zonse zimakhala zitasungunuka mu ether, mankhwala amadzimadzi osungunulira zinthu, palibe chachikulu kapena chaching'ono choti chigwidwe.

Taonani mmene ntchitoyo imayendera. Ether sasakanikirana ndi madzi, ndipo popeza ndi wopepuka (magalamu pafupifupi 0.71 pa mililita) amayandama pamwamba. Mukathiramo madzi a soda wophikira n'kukhutchumula, benzoic acid amasanduka mchere wa sodium benzoate n'kusamukira m'madzi apansiwo, uku mpweya wa carbon dioxide ukudzadza m'fanelomo, n'chifukwa chake mumaizondotsa n'kutsegula kampopi kake pafupipafupi. Madziwo mukawatulutsa n'kuwathira hydrochloric acid, benzoic acid amabweranso ngati timibulu toyera. Aniline naye, yemwe ndi besi (mtundu wa mankhwala othetsa mphamvu ya asidi), mumamuitana ndi hydrochloric acid wosungunula m'madzi, kenaka n'kumubweza ndi sodium hydroxide. Naphthalene, yemwe ambirife timamudziwa ndi fungo la timipira toyera toika m'sutikesi ya zovala, samva asidi kapena besi, ndipo amatsala mu ether mpaka ether atauluka.

Mwaitana chimodzi, chatuluka pagulu, zinzake zatsala. Kumeneko ndiye kupatula, monga momwe mbusa amapatulira thole m'gulu la ng'ombe, kapena momwe kutchalitchi timanenera za chinthu chopatulika. Ine sindikayika kuti -ula wa kumapeto kwa mawuwa ndi yemwe uja wa mu tsekula ndi matula, womasula chimene chinagwirana. Kulekanitsa musungire madzi ndi ether, ziwiri zimene mwachibadwa sizifunana, monga timalekanitsira anthu amene akumenyana.

Chimene chandikhudza kwambiri m'kalata yanu ndi mawu akuti besi. Agogo anga aakazi ankaotcha zitsononkho, phulusa lake n'kuliika m'chikho chobowola, n'kuthirapo madzi kuti azidontha pang'onopang'ono, ndipo madzi oterera amenewo, ophikira therere, ankawatcha chidulo. Muli potassium carbonate mmenemo, besi weniweni, koma ana a m'tauni muno amangodziwa soda wa m'kapepala wogula ku Msika wa Lilongwe, dzina lakale lija likufa ife tikuona. Ndikanakhala wolemba mabuku a sukulu ndikanati chidulo chofatsa ndi chidulo chaukali, ndipo mwana akanamva msanga chifukwa chimene soda amapatulira benzoic acid koma n'kulephera phenol, asidi wofooka kwambiri yemwe amafuna ukali wa sodium hydroxide. Pamayeso a MANEB alembe Chingelezi chimene akufunsidwacho, ndipo besi ndamulola monyinyirika, koma tsiku limene mudzayambe phunziroli mudzabwere ndi botolo la chidulo m'kalasi, anawo aviikemo pepala lofiira la litmus aone likusanduka la buluu.