Kodi shedi ya kireni ingapirire chivomerezi popanda kuiwerengera?

Wowerenga wina wandilembera kuti akumanga shedi ya zitsulo ku Kanengo momwe muziyenda kireni ya pamwamba yonyamula matani 10, ndipo womanga wamuuza kuti mizati yolimba chotere singaope chivomerezi. Akufunsa ngati kulipira injiniya kuti awerengere zimenezi si kutaya ndalama.

Bambo, mawu a womanga wanuyo si achilendo kwa ine. Pa fakitale ina imene ndinkagwirako ntchito, mwini wake analamula kuti zitsulo zopingasa za pakati pa mizati zidulidwe kuti forklift (kagalimoto konyamulira katundu) izidutsa bwino. Nditakana, anandilozera kireni n'kunena kuti yakhala ikunyamula katundu zaka zambiri mizati osagwedera. Ndinakana kusayina pepala lovomereza zimenezi, koma zitsulozo zinadulidwabe, ndipo zitsa zake zowotchereredwa zinatsala pa mizati ngati mano othyoka.

Chimene anthu ambiri samvetsa n'chakuti kireni imapanikiza nyumba cha pansi, pomwe chivomerezi chimaikankha cham'mbali, ndipo zitsulo zopingasa zija ndizo zimathandiza kuti isapendekere cham'mbali. Katundu wolendewera pa chingwe sagwedezeka pamodzi ndi nyumba, koma mlatho wa kireni (chitsulo chachikulu chodutsa shedi chomwe chimayenda pa njanji) ndi wolemera, uli pamwamba, ndipo mphamvu yake yonse imathera pamalo pamene mtanda wa njanji wakhalira pa mzati. Kireni ikaima kumapeto kwa shedi, nyumbayo imapotokanso pogwedezeka.

Ku Emilia, m'dziko la Italy, zivomerezi za pa 20 ndi pa 29 May 2012 zinagwetsa mafakitale ambiri a konkire ndipo antchito anafera m'kati, chifukwa mitanda inangosanjikidwa pa mizati popanda chomangira, choncho inatsetsereka n'kugwa. Ife tili m'chigwa cha Rift Valley, ndipo Salima inagwedezeka mu 1989, Karonga mu December 2009. Kwa ine, womanga amene amapeputsa nkhaniyi ku Malawi sayenera kupatsidwa ntchito ya kireni.

Zoti muchite

Lipirani injiniyayo. Mumupemphe kuti aphatikize kulemera kwa mlatho wa kireni powerengera chivomerezi motsatira malamulo monga Eurocode 8 (malamulo a ku Ulaya omangira nyumba zopirira chivomerezi), aone mabawuti omangira mtanda ku mzati ndi a pa maziko, ndiponso aike zotchingira kuti magudumu a kireni asachoke pa njanji. Malo odutsira forklift muwasankhe tsopano, zitsulo zopingasa zisanaikidwe.