Funsani Malume: Mayi wa ku Japan woponya mpira chapansi

Malume, mwana wanga wamkazi wa Sitandade 7 wanditopetsa. Anaona pafoni ya mlongo wake kanema wa mayi wina wa ku Japan, dzina lake Yukiko Ueno, akuzunguza mkono n'kuponya mpira chapansi. Chionereni, madzulo aliwonse akumamanga mpira wa majumbo n'kumagenda mpanda wa bafa, moti udzu wayamba kuyoyoka. Ndi masewero anji amenewa, nanga mayiyu anatchuka ndi chiyani?
Mayi wa ana anayi, M'baluku, Mangochi

Mayi, pepani ndi bafalo. Masewerowo ndi softball, mbale wake wa baseball. Dzinalo pachingerezi likuti mpira wofewa, koma lisakunamizeni: mpirawo ndi wolimba gwa, ndipo kukula kwake ngati nyumwa. Woponya amaima mamita 13 kuchokera pomwe pali womenya, yemwe amadikira ndi chibonga m'manja. Saponya chapamwamba ngati pa fulaye. Mkono umazungulira kamodzi ngati gudumu, mpira n'kutulukira cha m'chiunomu. Akatswiri amauthamangitsa kuposa makilomita 100 pa ola, ndiye womenya akangophethira, wadutsa kale.

Ueno anabadwa mu 1982 ku Fukuoka. Pa Olimpiki ya ku Athens mu 2004, ali ndi zaka 22, anakumana ndi China. Omenya 21 anabwera motsogozana, onse n'kubwerera osafika ngakhale pa malo oyamba omwe womenya amathamangirako akamenya mpira. Zinali zisanachitikepo pa Olimpiki. Komabe Japan inangothera pa nambala 3.

Nkhani yomwe ine sinditopa kuifotokoza ndi ya ku Beijing mu 2008. Nthawi imeneyo America inali itatenga golide katatu kondondozana, 1996, 2000 ndi 2004, ndipo ambiri ankangoti chikho chili ndi mwini wake. Masewero amodzi amakhala ndi zigawo 7, koma zimawonjezeredwa ngati wopambana sanapezeke. Pa 20 Ogasiti m'mawa, Ueno anaponya zigawo 9 polimbana ndi America, n'kugonja 4-1. Madzulo a tsiku lomwelo anabwereranso m'bwalo kukakumana ndi Australia, ndipo panalibe wofuna kugonja mpaka chigawo cha 12, pomwe Japan inapambana 4-3. Kutacha, ndime yomaliza, America yomwe ija. Mphunzitsi anapatsanso mpira Ueno yemweyo, ndipo Japan inapambana 3-1. Masiku awiri, mipira 413, mkono umodzi.

Ine ndinayeserapo kaponyedwe kameneka pamchenga wa ku Makawa, anyamata okonza maukonde akundiseka. Sindinafike ndi ka 30 komwe. M'mawa mwake kuvala malaya kunali kovuta, mayi akunyumba ndiwo anandithandiza kupisa mkono. Ndiye mukamamva 413, muziganiza za mapewa a asodzi akakoka khoka usiku wonse, wina n'kuwauza kuti bwererani m'madzi.

Chowawa n'chakuti golideyo anabwera softball itachotsedwa kale pa ndandanda wa Olimpiki. Ku London mu 2012 kunalibe, ku Rio mu 2016 chimodzimodzi. Zaka zomwe mkono wake unali pachimake zinadutsa choncho, iye akusewerera timu ya ku Takasaki ndi ya dziko lake. Mu 2019 mpira womenyedwa unamubwerera kumaso n'kumuthyola nsagwada. Ena akanapachika jezi pomwepo.

Masewerowa atabwezeretsedwa pa Olimpiki ya ku Tokyo, yomwe inachitika mu 2021 chifukwa cha Covid-19, Ueno analipo, ali ndi zaka 39. Ndime yomaliza inali ku Yokohama, m'bwalo mopanda oonerera, ndipo mdani anali America kachiwiri. M'chigawo cha 6 anapumitsidwa, mtsikana Miu Goto n'kulowa, koma cha 7 anabwerera kudzatseka yekha. Japan 2, America 0. Kwa ine golide wachiwiriyu ndiye wolemera, poti anamudikira zaka 13.

Ku Paris mu 2024 softball kunalibenso, koma idzakhalako pa Olimpiki ya Los Angeles mu 2028.

Za mwanayo, musamuletse mayi. Mupezereni thumba lakutha la chimanga, mulikoloweke pamtengo wa mango kutali ndi bafa, ndipo aziyambira pafupi, mapazi khumi okha. Phewa likayamba kuwawa apume, ndipo ntchito ya kusukulu izitha kaye.