"Kubadwanso" kwa Ahindu si kwa Nikodemo

Funso la sabata ino lachokera kwa mayi wina, Mkatolika wa ku Limbe. Akuti: "Ndimagwira ntchito m'sitolo ya banja lina la Chihindu. Tsiku lina tikuwerenga katundu, abwana anga aakazi anandiuza kuti kwawo munthu akafa amabadwanso. Nditakafotokoza kumphakati, ena anati basi Ahindu ndi ife n'chimodzimodzi, poti nafenso timabadwanso mu ubatizo. Kodi mawu oyenera ndi ati?"

Mayi, amene wakusokonezani ndi kachidutswa aka, -nso. Kamangotiuza kuti chinthu chachitika kena, koma sikanena kuti kangati kapena motani. "Wabweranso" angakhale mlendo wobwera kachiwiri, angakhalenso wangongole amene watha nsapato pakhomo panu.

Nikodemo anagwa m'mbuna yomweyi pa Yohane 3. Atamva za kubadwa mwatsopano, anafunsa ngati nkhalamba ingalowenso m'mimba mwa amayi ake. M'Chigiriki mawu amene ali pamenepo ndi anothen, ndipo amatanthauza "kachiwiri" komanso "kuchokera kumwamba". Kubadwa kumeneku n'kwa madzi ndi Mzimu, munthu akali moyo, m'thupi lomweli, ndipo Akatolika sabatiza munthu kawiri.

Zimene abwana anu ankanena n'zina. Ahindu amaphunzitsa kuti atman, yemwe tingamutche mzimu wa munthu, safa. Thupi likatha amalowa m'lina, laumunthu kapena la cholengedwa china. Buku lawo la Bhagavad Gita, pa mutu 2 ndime 22, limafanizira zimenezi ndi munthu wovula zovala zakutha n'kuvala zatsopano. Kuzungulira kumeneku amati samsara, ndipo sachinyadira ayi. Chimene amalakalaka ndi moksha, kumasuka kuti asabadwenso.

Ndiye pofotokoza za Ahindu nenani kuti "kubadwa mobwerezabwereza" kapena "kubadwira m'thupi lina". Ine ndimakonda woyambawo, chifukwa kubwereza tsinde, monga timachitira pa kuyendayenda ndi kufunsafunsa, kumamveketsa kuti nkhaniyo ilibe polekezera pafupi. Za ubatizo zisiyireni "kubadwa mwatsopano".

Musatengenso mawu oti "kuuka" n'kuwabwereketsa kumeneko. Wouka ndi yemwe uja anagona, ndi thupi lake ndi dzina lake. Mpingo wa Katolika umati munthu amafa kamodzi, kenako chiweruzo, monga pa Ahebri 9:27, ndipo Katekisimu wa 1992, pa nambala 1013, amakaniratu zoti munthu akafa amabadwira m'thupi lina. Apa zipembedzo ziwirizi zasiyana njira, ndipo mawu athu asabise kusiyanako. Kusiyana si chipongwe: mu 1965 Msonkhano Wachiwiri wa Vatican, m'chikalata cha Nostra Aetate, unatchula Chihindu mwaulemu, n'kunena kuti Mpingo sukana chilichonse choona ndi choyera m'zipembedzo zina.

Mwina kumphakatiko wina atchulanso karma. Achinyamata pa Facebook asandutsa mawuwa kukhala tsoka logwera munthu wankhanza, ngati mwambi uja woti choipa chitsata mwini. Mwambiwo wangogwira theka. Karma kwenikweni ndi ntchito, zabwino ndi zoipa zomwe, pamodzi ndi zipatso zake, ndipo zimatsata mwini mpaka m'moyo wina. Ndinganene kuti "zochita ndi zotsatira zake", kapena kungosiya karma momwemo n'kufotokoza kamodzi.

Kanthu kena kakang'ono. M'kalata yanu munalemba "chipembedzo cha Amwenye". Mwenye ndi mtundu, si chipembedzo. Amwenye ambiri a ku Limbe kwanuko ndi Asilamu, ndipo ku India komweko kuli Akatolika, makamaka ku Kerala ndi ku Goa. Munthu mmodzi ndi Mhindu, ambiri ndi Ahindu, chipembedzo chawo ndi Chihindu.